Kuyeza utsi wa fodya umene munthu akupuma: tizipangizo tovala ndi kagwiritsidwe ntchito kake kuno ku Tete

Ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Chifunde fodya sasowa pakhomo. Ali kumunda, ali m'chigafa, ali m'mabelo amene akudikira tsiku la msika pakona ya chipinda, ndipo madzulo ali pakamwa pa munthu amene wapichira chingambwe. Pakhomo pomwepo nsima imaphikidwa pa nkhuni kapena pa makala. Wofuna kudziwa kuchuluka kwa utsi wa fodya umene mwana kapena mayi woyembekezera akupuma ayambe waganizira zimenezi, chifukwa njira zambiri zoyezera zinayesedwa koyamba m'nyumba ndi m'maofesi a ku America ndi ku Ulaya, mopanda mafuwa komanso mopanda tsamba la fodya. Kachipangizo kowerenga utsi sikasiyanitsa utsi wa ndudu ndi utsi wa nkhuni. Kachipangizo kokola nikotini nako sikadziwa ngati nikotiniyo wachokera pa ndudu yoyaka kapena pa tsamba louma. Kuno kwathu kachipangizo kamodzi pakokha kamasocheretsa. Pamafunika tiwiri togwira ntchito mosiyana, ndiponso pepala lolembapo zimene munthuyo amachita ola ndi ola.

Kufunsa pakamwa kokha sikukwanira. Abambo anganene moona mtima kuti amasutira panja, pamene panjapo ndi pakhonde, pansi pa zenera la chipinda chimene mwana wagona. Agogo amene amangokoka kawiri katatu asanagone sadziwerengera n'komwe m'gulu la osuta. Komatu utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amadziwika kuti amayambitsa khansa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti anthu osasuta oposa miliyoni imodzi amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma utsi wa anzawo. Kwa ana utsiwu umabweretsa chibayo, mphumu, matenda a m'makutu ndi kubadwa ndi sikelo yotsika. Mu 2007 Mozambique inakhazikitsa lamulo la Decreto 11/2007 loletsa kusuta m'malo opezekamo anthu ambiri, ndipo mu 2017 inavomereza pangano la WHO lolimbana ndi kusuta, koma malamulowo safika kuchipinda chogona. Zimene talemba panozi ndi za anamwino, ogwira ntchito zaumoyo m'midzi ndi ophunzira amene akufuna kuyeza okha m'dera lawo.

Baji ya nikotini

Baji ndi kabokosi kozungulira ka pulasitiki, mamilimita 37 m'mimba mwake, kokhala ndi chopanira kumbuyo. M'kati muli kapepala kosefera konyikidwa mu sodium bisulfate, mankhwala amene amagwira nikotini wofika pamenepo osamutayanso. Kutsogolo kuli kansalu kopyapyala kotchinga mphepo kuti nikotini azilowa pang'onopang'ono mosasinthasintha. Ilibe batire, ilibe pampu, ndipo sichita phokoso. Njirayi anaifotokoza Katharine Hammond ndi Brian Leaderer mu 1987, ndipo mpaka lero ikadali yodalirika, chifukwa nkhuni, makala ndi fumbi la dothi zilibe nikotini.

Baji imatenga mpweya wokwana pafupifupi mamililita 25 pa mphindi. Masiku 7 ndi mphindi 10,080. Mukachulukitsa ndi 25 mupeza malita 252, amene ndi 0.252 m³. Labotale ikapeza mamayikulogalamu 0.5 a nikotini pa kapepalako (mayikulogalamu, µg mwachidule, ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), gawani 0.5 ndi 0.252: munthuyo amapuma mpweya wokhala ndi nikotini pafupifupi 2 µg/m³ (mamayikulogalamu 2 pa malita 1,000 alionse a mpweya) mlungu wonsewo. Nambala yeniyeni ya mamililita pa mphindi muifunse kwa amene akupatsani mabajiwo, popeza imasinthako malinga ndi kapangidwe kake. Masamuwa akuonetsanso pamene anthu amalakwitsa kawirikawiri: ola lotsegulira ndi ola lotsekera. Baji ikakhala masiku awiri m'thumba la jekete koma inu n'kuwerengera masiku 7 onse, yankho lituluka lotsika kuposa mmene zinthu zilili.

Baji ili ngati mtsuko woika pabwalo kuti ulandire mvula: mumadziwa kuti yagwa yochuluka bwanji, koma ola limene inagwa simulidziwa. Nchifukwa chake imafunika inzake. Kapepalako sikawerengedwa ndi maso kapena ku chipatala chaching'ono. Kamapimidwa ku labotale ndi makina osiyanitsa makemikolo otchedwa gas chromatography. Musagule mabaji musanagwirizane ndi labotale. Muwafunse mtengo wa baji imodzi, nikotini wochepetsetsa amene makina awo angathe kuona, ndi masiku amene mabaji angakhale panjira.

Chibangili cha silikoni

Silikoni amamwa makemikolo a mumpweya ndi a pa zinthu zimene wakhudzana nazo. Ofufuza a ku Oregon State University anayamba kugwiritsa ntchito zibangili zotere mu 2014, ndipo mu 2019 a ku San Diego State University anaonetsa kuti nikotini wopezeka m'zibangili zimene ana anavala amayenderana bwino ndi kotinini (chimene nikotini amasanduka m'thupi) wa mumkodzo wa anawo. Kwa mwana wa sukulu chibangili n'chabwino kuposa baji: sachivula posamba kapena posewera, ndipo sichithyoka.

Zibangili zogulitsidwa pamsika sizingagwire ntchitoyi momwe ziliri. Labotale imayamba yazitsuka ndi mankhwala osungunula mafuta kapena kuziotcha mu uvuni wapadera, kenako n'kuzitsekera m'mapaketi osalowa mpweya. Mwana avale masiku 7 pa mkono womwewo. Pochivula valani magolovesi, chikulungeni mu pepala la aluminiyamu, chiikeni m'paketi yake, ndipo chisungidwe mufiriji yozizira kwambiri, ya madigiri 20 pansi pa ziro ngati ilipo. Ana osakwana zaka zitatu musawaveke, amatafuna. Choyenera kukumbukira kwambiri m'madera olima fodya n'chakuti chibangili chili pa mkono, ndipo mkono ndi umene umagwira tsamba. Mwana amene wathandiza kusoka fodya kapena kunyamula mikangala chibangili chake chidzadzaza nikotini ngakhale pakhomopo palibe wosuta. Limenelo si bodza la chibangili, nikotiniyo wafikadi pakhungu la mwanayo, koma si utsi, ndipo musalembe kuti ndi utsi.

Sensa yowerenga utsi mphindi ndi mphindi

Utsi ndi tinthu ting'onoting'ono touluka. Timene timavutitsa mapapo kwambiri ndi tosapitirira mamayikulomita 2.5 (mayikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), totchedwa PM2.5, ndipo tambiri ta mu utsi wa fodya n'tochepera mayikulomita imodzi. Sensa ili ndi kafani kokokera mpweya m'kachipinda kamdima mmene mukudutsa kuwala kwa laser. Tinthu tija tikadutsa timamwaza kuwalako, ndipo sensa imawerengetsa kuchuluka kwake potengera kuwala komwazikako. Pali zogula zopangiratu monga Atmotube ndi AirBeam, zimene zimatumiza manambala pa foni, ndi zodula za ofufuza monga SidePak ndi MicroPEM.

Wodziwa zamagetsi akhoza kulumikiza yekha. Pamafunika sensa ya Plantower PMS5003 kapena PMS7003, kabodi ka ESP32 kapena Arduino, wotchi ya DS3231 yokhala ndi kabatire kake, poika khadi ya microSD, sensa ya chinyezi monga SHT31, ndi power bank. Manambala azilembedwa pa khadi mphindi iliyonse. Musadalire netiweki, chifukwa m'midzi yambiri ya ku Macanga ndi ku Chifunde imabwera n'kumapita. PMS5003 imafuna mavoti 5 ndipo ikamagwira ntchito imakoka mphamvu yofika 100 mA, choncho power bank yolembedwa 10,000 mAh imatha m'masiku awiri kapena kupitirira pang'ono. Konzekerani kusintha batire tsiku lachiwiri lililonse. Ena amagoneka sensa kuti asunge moto. Ngati mutero, ikadzuka idikireni masekondi 30 kuti kafani kakhazikike musanalembe nambala, ndipo isagone kupitirira mphindi ziwiri, popeza ndudu imatha m'mphindi zosakwana 10. Dziwaninso kuti ma power bank ambiri amadzithimitsa okha akaona kuti moto ukukokedwa wochepa. Sensa ikagona, power bank imazima, ndipo mudzapeza khadi yalemba mphindi zochepa basi. Yesani zimenezi pa tebulo usiku wathunthu musanapite nazo kumudzi. Sensa za Plantower zimatulutsa manambala a mitundu iwiri, a CF=1 ndi a atmospheric; sankhani mtundu umodzi pa sensa zonse, musasinthe pakati pa ntchito.

Kuti mudziwe zoyembekezera: ndudu imodzi imatulutsa tinthu tolemera pafupifupi mamiligalamu 10 kapena kupitirirako. M'chipinda cha mamita 3 ndi 4, chotalika mamita 2.5 kukafika kudenga, muli mpweya wa 30 m³. Chitseko ndi zenera zikakhala zotseka, ndudu imodziyo ikhoza kufikitsa PM2.5 pa 300 µg/m³ kapena kuposa. Muyezo umene WHO inaika mu 2021 ndi 15 µg/m³ pa maola 24. Koma khitchini yophikira nkhuni imafika mazana angapo mpaka masauzande pa nthawi yophika, ndiye kuti mayi amene waphika kawiri pa tsiku manambala ake a tsiku lonse amakwiriridwa ndi utsi wa nkhuni. Mukangotenga avareji ya tsiku, fodya simumuona.

Zolakwika za sensa zotsika mtengo n'zodziwika. Chinyezi chikapitirira pafupifupi 75 peresenti tinthu tija timamwa madzi n'kufufuma, ndipo sensa imawerenga mokweza. Nkhungu ya m'mawa ku Ulongué kapena nthunzi ya pa mphika zimachita zomwezo, nchifukwa chake sensa ya chinyezi siyenera kusowa. Kupitirira 500 µg/m³ PMS5003 imayamba kuphonya, ndipo chakuma 1,000 imakhala yafika mapeto. Mwaye ukaunjikana m'kachipinda kamdima, nambala simabwereranso pansi ngakhale mumpweya woyera. Upemereni ndi kapampu ka mphira, osati ndi pakamwa, ndipo madzi asafikemo. Nyerere ndi akangaude amalowa pa kabowo, choncho posunga tsekerani m'paketi. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, musasiye kachipangizo kokhala ndi batire la lithium padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Nambala imene sensa ikuonetsa si kulemera kwenikweni kwa utsi. SidePak, mwachitsanzo, imachokera ku fakitale itakonzedwa ndi fumbi, ndipo pa utsi wa fodya imawerenga pafupifupi katatu kuposa zenizeni. Ofufuza amachulukitsa manambala ake ndi pafupifupi 0.3. Nambala imeneyo ndi ya SidePak, musaitengere pa sensa ina. Njira yopezera yanu ndi kuyendetsa sensa pambali pa pampu yokokera mpweya pa sefa imene imapimidwa pa sikelo ya labotale isanayambe ndi itamaliza. Ngati zimenezo simungathe, manambala anu ndi ofanizira chabe: nyumba iyi ndi iyo, usiku ndi masana, mlungu uno ndi wamawa. Kufanizirako n'kothandiza ndithu, bola munene poyera kuti n'zimene mwachita.

Carbon monoxide ndi kotinini

Tizipangizo tolemba mpweya wa carbon monoxide, monga Lascar EL-USB-CO, n'topepuka ndipo batire lake limakhalitsa, koma pa nkhani ya fodya n'tofooka chifukwa makala amatulutsa mpweyawu wambiri kuposa ndudu. Phindu lake lili pena: kamakuuzani ola limene mbaula inayaka, zimene zimathandiza kumasulira manambala a PM2.5. Mukaona kuti mpweyawu wakwera usiku m'nyumba yotseka, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene ku Angónia anthu amalowetsa mbaula kuti aothe, musadikire kutha kwa kafukufuku. Auzeni tsiku lomwelo kuti mbaula isagone m'nyumba. Mpweyawu sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Kotinini ndi chimene nikotini amasanduka m'chiwindi. Nikotini amatsika ndi theka m'magazi pakatha maola awiri, pamene kotinini amatenga maola pafupifupi 16, choncho mkodzo kapena malovu zimaonetsa za masiku awiri kapena atatu apitawo. Tengani mkodzo wa m'mawa pa tsiku lovula baji. Timapepala toviika mumkodzo timene timapezeka mosavuta tinapangidwira kupeza osuta, ndipo tambiri timasintha kotinini akafika 200 ng/mL (0.2 µg pa mililita imodzi ya mkodzo). Mwana wopuma utsi wa ena kawirikawiri safika pamenepo, ndiye kapepala kakati palibe sizitanthauza kuti mwanayo sakupuma utsi. Khanda loyamwa limalandira kotinini kudzera mu mkaka ngati mayi ake amasuta kapena amafwenkha fodya wa m'mphuno. Funsani za fodya wa m'mphuno ndi woika m'kamwa padera, mwaulemu, chifukwa amayi ambiri samuwerengera ngati kusuta.

Musanaveke munthu aliyense

Ngati ntchitoyi ndi kafukufuku, makamaka wotenga mkodzo kapena malovu, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali. Ya dziko lonse ndi Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, SDSMAS, kenako mupite kwa amfumu ndi anyakwawa musanagogode pa chitseko cha munthu. Pa msonkhano tsegulani kachipangizo kamodzi pamaso pa anthu. Aone kafani, aone khadi, agwire baji yosagwira ntchito, ndipo wina ayatse kapepala kuti aone nambala ikukwera. Nenani momveka kuti sikajambula mawu, sikajambula zithunzi, sikatenga magazi. Ngati kali ndi GPS, nenaninso, kapena muizimitse. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinavuta kumwera kwa Malawi ndi ku Zambézia, akudziwa kuti kabokosi kachilendo kovekedwa mwana popanda kufotokoza bwino kangaike moyo wa wogwira ntchito pachiswe. Chilolezo mupemphe kwa mayi ndi bambo onse, ndipo mwana wozindikira mumufunsenso yekha.

Ikani sensa zonse pa tebulo limodzi kwa maola 24 mpaka 48, m'chipinda chimene mpweya wake umasinthasintha, ndipo mufananize manambala. Yosiyana ndi zinzake kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu muipatule. Bwerezani zimenezi ntchito ikatha, kuti mudziwe ngati ina inasokonekera panjira. Mawotchi onse muwatchere pa foni imodzi. Wotchi yolakwika ndi mphindi 20 yokha imasandutsa ndudu ya pambuyo pa chakudya kukhala utsi wophikira.

Pa mabaji 10 alionse onjezani imodzi yopanda kanthu: imayenda nawo ulendo wonse, imatsegulidwa n'kutsekedwa nthawi yomweyo, osavalidwa. Ikapezeka ndi nikotini, ndiye kuti mabaji aipitsidwa m'manja mwanu kapena panjira. Onjezaninso imodzi yobwereza, yovalidwa pambali pa inzake. Wogwira mabaji asakhale wosuta kapena amene wagwira tsamba tsiku limenelo, ndipo bokosi la mabaji lisakwere lole yonyamula mabelo kapena kugona m'nyumba yosungiramo fodya.

Kavalidwe

Kachipangizo kakhale pasanathe masentimita 30 kuchokera pamphuno: pa kolala, paphewa kapena pachifuwa chapamwamba. Kutsogolo kwa baji kuyang'ane kunja, ndipo kabowo ka sensa kasatsekedwe. Kwa amayi vuto lalikulu ndi nsalu: akabereka mwana kapena akafunda chifukwa cha chisanu, kachipangizo kamakwiririka. Sokani kachikwama kokhala ndi ukonde kutsogolo, kokoleka paphewa pamwamba pa mfundo ya mbereko. Khanda musalikoleke chingwe m'khosi; vekani mayi ake, ndipo baji ina muipachike pamene khandalo limagona, pakati pa mita imodzi ndi mamita awiri kuchokera pansi, kutali ndi zenera kapena chitseko ndi mita imodzi. Usiku wovalayo avule n'kupachika pa msomali pafupi ndi mutu wa bedi kapena mphasa, m'kati mwa masikito ngati amagonamo. Pansi pa pilo, m'sutikesi kapena pakona popanda mphepo baji imakola zochepa. Posamba ndi pa mvula baji ndi sensa zisanyowe.

Masiku 7 athunthu ndi ofunika chifukwa mlungu uli ndi masiku osiyana: la msika, la kutchalitchi, lolowera ku baraka, loyenda pa chapa. Masiku oyambirira anthu akhoza kusintha khalidwe podziwa kuti akuyezedwa; abambo amakasutira kutali. Choncho kuyeza kwa tsiku limodzi kukhoza kukometsa zinthu.

Pepala la zochitika likhale la zithunzi kuti ndi osadziwa kulemba omwe athe kuchonga: mphika, ndudu, tsamba, tsache, nyali, galimoto, ndi mizere ya m'mawa, masana, madzulo ndi usiku. Wogwira ntchito akabwera kudzasintha batire akhale pansi ndi mwini wake n'kulemba maola. Musaiwale koloboyi, kandulo ndi koyilo ya udzudzu. Zitatuzi zimayaka kuchipinda madzulo, nthawi yomwe ndudu imayakanso, ndipo koyilo imodzi imatulutsa utsi woposa wa ndudu makumi angapo.

Nyengo ndi kusankha nyumba

Mwezi umene mwayeza umasintha yankho. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu amathyola ndi kusoka fodya, ndipo nikotini amalowa pakhungu, makamaka tsamba likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula. Wothyola fodya wosasuta akhoza kukhala ndi kotinini wofanana ndi wa wosuta. Ngati wovala kachipangizo akudandaula mseru, kusanza, chizungulire ndi mutu atachoka kumunda, amenewo angakhale matenda a fodya wamuwisi: avule zovala zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi, ndipo kusanza kukapitirira apite kuchipatala. Ana amadwala msanga chifukwa matupi awo ndi aang'ono, ndipo sayenera kugwira tsamba. Kuyambira Epulo fodya amasankhidwa ndi kudindidwa, nthawi zambiri pakhonde kapena m'nyumba, ndipo baji imakola nikotini wochokera pa tsamba louma ndi fumbi lake. Kumene amafukiza fodya wa chikopa, utsi wa nkhuni ndi nikotini zimabwera pamodzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala moto wolusa m'tchire umakweza PM2.5 wa mudzi wonse. Pachikani sensa imodzi panja, pansi pa denga, kuti muzichotsera za kunjazo. Nthawi yoyera kwambiri yoyezera utsi wa ndudu ndi pamene mabelo achoka m'nyumba ndipo kuthyola sikunayambe. Amene angathe ayeze kawiri, nthawi imeneyo ndi nthawi ya mabelo.

Sankhani nyumba za mitundu inayi: yosuta koma yosalima, yolima koma yosasuta, yochita zonse, ndi yosachita chilichonse mwa ziwirizi. Popanda nyumba yolima yosasuta simudzadziwa gawo la tsamba, ndipo mudzanamizira ndudu.

Kumasulira zimene mwapeza

Jambulani manambala a PM2.5 pa mzere wa nthawi ndi kuika pepala la zochitika pambali. Ndudu m'chipinda chotseka imakwera msanga m'mphindi zochepa, kenako imatsika pang'onopang'ono kwa ola kapena kupitirira. Kuphika kumakhala kotalika, kokwera n'kutsika pamene akusonkhezera moto, ndipo kumabwera pa maola omwewo tsiku ndi tsiku. Kusesa kumakwera n'kugwa mwamsanga chifukwa fumbi n'lolemera. Patulani maola ophika, ndipo muyang'ane kwambiri kuyambira chakudya chamadzulo mpaka mbandakucha, popeza mwana amakhala maola ambiri m'chipinda chimodzi nthawi imeneyo.

Kenako ikani nikotini pambali. PM2.5 wokwera ndi nikotini wosaoneka ndi nkhani ya nkhuni, makala kapena koyilo. Banjalo likufunika thandizo pa kaphikidwe, osati ulaliki wa fodya. Nikotini wokwera popanda kukwera kwa utsi madzulo akuloza ku tsamba, mabelo, kapena zotsalira za utsi wakale zomatirira m'mabulangete, m'makatani ndi m'makoma, zimene zimapitiriza kutuluka kwa miyezi. Zonse zikakwera, ndipo kukwera kwa utsi kukugwirizana ndi maola amene pa pepala pachongedwa ndudu, pamenepo mukhoza kunena kuti ndi utsi wa fodya. M'nyumba yolima ndi kusuta momwe, kusiyanitsa kumavutabe. Funsani labotale ngati ingapime 3-ethenylpyridine, kemikolo amene amapangika nikotini akapsa. Tsamba losayaka silimutulutsa mmene ndudu imachitira, choncho ndi mboni yabwino ya utsi weniweni, ngakhale amafuna baji ya mtundu wina.

Kubwezera zotsatira ku banja

Banja limene lavala kachipangizo mlungu wathunthu liyenera kumva zotsatira, ndipo lizimve lokha, osati pa msonkhano wa mudzi. Pitani ndi pepala la mzere uja, muwaonetse abambo ndi amayi ali limodzi, ndipo mulole iwo eni aloze ola limene mzere wakwera. Musapatse mayi pepala kuti akaonetse mwamuna wake inu mutachoka. Likhoza kuyambitsa mkangano umene adzavutike nawo ndi mayiyo. Mawu ngati akuti "Bambo, apa ndi pamene mwana anali m'tulo, tingatani kuti mzerewu utsike?" amatsegula nkhani bwino kuposa kudzudzula.

Malangizo opereka akhale amene kachipangizo kangatsimikizire. Kutsegula zenera kapena kusutira chipinda china kumachepetsa pang'ono chabe, ndipo WHO imati palibe mlingo wa utsi wa fodya umene ndi wosavulaza. Chothandiza ndi kusasutira m'nyumba ngakhale pang'ono, alendo omwe, ndi kusutira kutali ndi chitseko ndi mazenera. Mabelo ndi tsamba losankha zichoke m'chipinda chogona ana, zovala za kumunda zisalowe kuchipinda, ndipo mabulangete achapidwe. Wofuna kusiya kusuta mumulumikize ndi namwino wa pa chipatala chapafupi. Pakatha mwezi umodzi yezaninso ndi kachipangizo komweko, pa munthu yemweyo, kuyambira tsiku lomwelo la mlungu, ndipo mulembe ngati mabelo, nyengo kapena malo ophikira zasintha. Mzere wa PM2.5 wa madzulo umatsika usiku womwe kusutira m'nyumba kwaleka, koma nikotini wa pa baji amatsika mochedwa chifukwa cha zomatirira m'makoma ndi m'zofunda, choncho muwachenjezeretu eni nyumba kuti baji yachiwiri ikhoza kupezekabe ndi nikotini.